Sindikumva gitala yanga pa siteji, ndigule ampu yaikulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amaliza gitala mu bandi yoimba nyimbo za anthu ena m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'mahotela. Iye akuti: "Kunyumba gitala yanga imalira bwino, koma tikakwera pa siteji sindidzimva. Ndikakweza volyumu oimba amadandaula, wa pa miksa amandiyang'ana ndi diso lofiira. Kodi ndigule ampu yaikulu?"

Achimwene, ndalamayo sungani. Vutoli ndinalimbana nalo zaka zingapo, ndipo gwero lake ndi komwe ampu yanu, bokosi lija lokuzira mawu a gitala, yaloza.

Taganizani mmene mumaimira. Ampu ili pansi kumbuyo kwanu, sipika yaloza m'miyendo. Mawu okwera, aja akuthwa amene amachititsa gitala kumveka bwinobwino, amatuluka mu sipika molunjika ngati kuwala kwa tochi, pomwe mawu otsika amamwazikira paliponse. Makutu anu ali pamwamba, ndiye chimene chikukufikani ndi kung'ung'uza chabe. Kuthwa konse kwadutsa m'mawondo mwanu kukagwera azimayi amene akhala pa tebulo lakutsogolo. Inu mukuti sindikumva, iwo agwira makutu.

Ine ndinaziphunzira pa ukwati wina ku Lilongwe, mu holo ya malata yopanda siling'i. Mkulu wina amene ankatiimbira besi anandiyang'ana ndikupotokola volyumu kachitatu. Sanalankhule. Anapita kukhitchini, nabwera ndi makireti awiri a zakumwa, n'kukweza ampu yanga pamwamba pake, n'kuipendeketsa ndi chitenje chopindapinda kuti iloze kumutu kwanga. Nditakhudza nsambo ndinadzidzimuka. Volyumu inatsika kuchoka pa 7 kufika pa 4, ndipo usiku wonsewo ndinadzimva bwino kuposa kale lonse.

Mukakweza inu, wa kiyibodi nayenso amakweza, wa ng'oma amayamba kumenya ndi mphamvu zonse, oimba amapempha kuti monita yawo, sipika yodzimvera pa siteji, iwonjezedwe, kenako maiki ija imalira tswiii pakati pa nyimbo ya akwati. Wa pa miksa angathe kutsitsa zokhazo zimene zikudutsa mu miksa yake, chida chosakanizira mawu a bandi yonse. Phokoso lochokera mu ampu yanu alibe nalo mphamvu, ndipo limalowanso m'maiki a oimba. Choncho ikani ampu chakumbali kwa siteji, iloze kwa inu osati kwa anthu. Kutsogolo kwa sipika yake ikanipo maiki, monga Shure SM57 imene mabandi ambiri amagwiritsa ntchito, kuti zokuzira mawu zazikulu ndizo zifikitse gitala kumbuyo kwa holo. Ampu ikhale yoti muzidzimvera inuyo basi.

China ndi mabatani atatu aja a pa ampu, Bass ya mawu otsika, Mid ya mawu apakati ndi Treble ya mawu okwera. Ambirife tikakhala tokha kuchipinda timakweza Bass ndi Treble, n'kutsitsa Mid, chifukwa gitala imamveka yonenepa. Mu bandi malo amenewo ali ndi eni ake. Nsambo yokhuthala kwambiri ya gitala imalira pa 82 Hz, mawu otsika ndithu, ndipo cha kumeneko n'kwa besi ndi ng'oma yopondedwa. Kumwamba kwenikweni kuli zitsulo za wa ng'oma. Kwanu ndi pakati. Tsitsani Bass, kwezani Mid. Mukaimba nokha imveka ngati ikulankhulira m'mphuno, musadandaule, anzanu akangolowa mudzaimva ikutumphuka.

Poti mumaimba nyimbo za anthu ena, pa ola limodzi mumadutsa rege, rumba, nyimbo zauzimu mwinanso roko. Mapedo anu, tizida toponda tosinthira kamvekedwe ka gitala, afanane mphamvu, kuti mukaponda imodzi gitala isalumphe kapena kuzimirira. Muziyeza zimenezi pokonzekera ndi bandi yonse, pa volyumu yomwe mudzaimbire, chifukwa khutu limamva mawu otsika ndi okwera mosiyana volyumu ikasintha, monga anaonetsera akatswiri ofufuza za kamvedwe ka mawu, Fletcher ndi Munson, mu 1933. Reverb, ija yochititsa mawu kumveka ngati akubwerera kuchokera m'makoma, ichepe m'maholo a simenti, makoma akukupatsani kale yokwanira.

Makutu anu asamaleninso. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito, limati pa phokoso la madesibelo 85 munthu asapitirire maola 8, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Pafupi ndi ng'oma sizivuta kufika pamenepo. Ngati makutu amalira mukafika kunyumba, gulani totsekera m'makutu ta oimba.

Pali chimodzi chimene simunafunse koma mtima wanga sungalole kuchisiya. Ampu ikamachita phokoso la mmmm, makamaka pa jenereta, ena amalangiza kuchotsa pa pulagi waya wa earth, uja woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi. Chonde musayerekeze. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa bandi ya Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maiki imene inali ndi magetsi. Nsambo zili m'manja, mlomo uli pa maiki, thupi lanu ndilo limasanduka njira ya magetsi. Yesani kulumikiza ampu ndi miksa pa gwero limodzi la magetsi, sinthani chingwe cha gitala, talikirani mawaya a magetsi owunikira. Mukamva kachiluma pamlomo pokhudza maiki, ikani gitala pansi, zimitsani zida, ndipo musaimbe mpaka wodziwa zamagetsi ataziona.