Mmene mungagwiritsire ntchito "turn out" pofotokoza mathero a zinthu

Mwafunsa chifukwa chake aphunzitsi anakuchongerani cholakwa pa chiganizo choti "The wedding was turned out well". Vuto lagona pa "was". Pamene "turn out" ikunena za mmene zinthu zathera, simuikapo "was" kapena "were" patsogolo. Nenani kuti "The wedding turned out well", kutanthauza kuti ukwati unayenda bwino pamapeto pake. Mukaika "was", tanthauzo limasinthiratu: "He was turned out of the house" ndiye kuti munthu anapirikitsidwa pakhomo.

Pofotokoza mathero a zinthu, mawu akuti "turn out" nthawi zambiri amakhala ndi kafungo kakuti zomwe zachitika sizomwe anthu amayembekezera. Taonani: "The stranger turned out to be my uncle." Poyamba mumamuyesa mlendo, kenako zadziwika kuti ndi amalume. Pamenepa "to be" ndi yofunika chifukwa chotsatira ndi dzina la munthu kapena chinthu. Chikakhala chiganizo chathunthu, yambani ndi "It", mutsatize "that": "It turned out that the bus had already left." Ambiri amaiwala "It" ameneyu, koma Chingerezi cha m'kalasi sichilola chiganizo chotere kukhala chopanda mutu ngati mmene ife timanenera kuti "zinapezeka kuti".

Pa tanthauzo limeneli, musawalekanitse mawu awiriwa, "turn" ndi "out". "Turned well out" ndi zolakwika.

Chenjeraninso ndi "Many people turned out to vote". Apa akunena kuti anthu anabwera mwaunyinji kudzavota, osati kuti zinadziwika pambuyo pake. Chizindikiro chake n'chakuti mutu wa chiganizo ndi gulu la anthu ndipo pali chochitika chimene apitako.