Gemu yanu sinafere pa move 19 achimwene

Achimwene gemu ya chess mwaponyayi ndaiona, mukuti simukumvetsa kuti kwini wanu anapita bwanji pa move 19 ndiye mukufunsa ngati mungoiponya mu injini (pulogalamu ya pakompyuta younika magemu a chess) ikuuzeni. Ine ndinaiyala pa bolodi dzulo usiku magetsi atathima, tochi ya foni ili kukamwa, ndipo kunena zoona kwiniyo anangofera za eni, gemu inali itaola kale pa move 5.

Taonani, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 apa inu, wa zida zakuda, munabweza ndi hatchi, Nxd5. Zimaoneka zabhobho eti, wadya wanga nane ndadya wako. Koma mnzanuyo anangoponya hatchi yake pa f7, king wanu nkudya, Qf3+ nkubwera, ndiye kuti hatchi ya pa d5 isapite king akuyenera kukwera mpaka e6, kukaima pakati pa bwalo ngati wogulitsa mandasi pa depoti, aliyense akumugunda. Imeneyi ndi Fried Liver, msampha wa ku Italy wa zaka zoposa 400 koma mpaka lero ukugwirabe anthu, inenso unandigwirapo kawiri tsiku limodzi ndi kamwana ka pulayimale, sindinadye nsima. Mukanasewera 5...Na5 kuthamangitsa bishopu uja, poni imodzi imapita inde koma zida zanu zimatuluka msanga ndipo wa zida zoyera ndi amene amayamba kubwerera m'mbuyo.

Za injini musathamangire. Yambani nokha pa bolodi, move iliyonse muzidzifunsa kuti apa ndimaopa chani, ndimafuna chani, mulembe pambali ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Mukatero ndiye muziilowetsa pa webusaiti ya Lichess, injini ya Stockfish ndi yaulere pamenepo bola bandulo. Mukayambira injini mumangoona mzere wosonyeza amene akupambana ukukwera kutsika nkumati eya eya, mawa msampha womwewo kukugwiraninso.

Chinanso pepala lanu likuvuta kuwerenga, pa move 14 mwangolemba Rd8 pomwe ma rook onse awiri akanatha kufika pamenepo, ndinachita kulota. Muzilemba Rad8 ngati ndi rook wochokera pa mzere wa a, kapena Rhd8 ngati ndi wochokera pa mzere wa h. Muzilembanso mphindi zotsala pa wotchi apo ndi apo, ndikukhulupirira Nxd5 ija munaisewera musanakhazikike bwinobwino pampando.

Mnzanuyo ngati nambala yake muli nayo mufunseni kuti mukanati 8...Nb4 akanayankha chani, mutiuze kuno.