Musagule EDF ina, ndege yanu yalemera kumchira

Achimwene, zithunzi za F-22 yanu, kandege koulutsa ndi rimoti kotengera ndege yankhondo ya ku America, ndaziona, ndipo dzanja lanu ndi labwino, ngodya zonse mwadula mwaukhondo. Mwati mwaipanga ndi foam board (bolodi la foam lokutidwa ndi pepala mbali zonse ziwiri), mwaikamo EDF (kachipupiza ka mota kamene kamakankha ndege) ya 64mm ndi batire la 3S (la maselo atatu) 2200mAh, mwaipenta yonse, koma mukaiponya imadzutsa mphuno, kupendekera mbali imodzi n'kugwa isanapite patali. Ndiye mukufunsa ngati mugule EDF yamphamvu kuposa imeneyi. Ine ndikuti ayi, ndalamayo isungeni kaye. Ndege yosowa mphamvu imatsika pang'onopang'ono ili chiwongokere mpaka kukagona pa udzu. Imene imadzutsa mphuno yokha n'kugudubuka ndiye kuti yalemera kumbuyo, ndipo mukaiwonjezera mphamvu idzangogwa msanga kuposa kale.

Ndege iliyonse ili ndi malo pansi pa mapiko pamene iyenera kukhazikika mukaiika pa zala ziwiri, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa pulani amawalemba kuti CG. Yezani malowo ndi rula monga pulani ikunenera, muike timadontho tiwiri ndi cholembera, kenako muikemo batire ndi zonse ngati mukukaulutsa, muinyamule pa timadonthoto. Mphuno iziweramira pansi pang'ono chabe. Pa chithunzi chanu ndikuona batire lili pakati, pafupi ndi EDF, mwina chifukwa ndi pokhapo linakwanira. Tsono taonani zimene zili kumbuyo kwa CG: EDF yomweyo, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota), ma servo (timamota togwedeza zowongolera), michira iwiri yoimirira ija ndi guluu wonse woigwira. Kutsogolo kuli mphuno yopanda kanthu. Boolani khoma lamkatilo, batire lipite kutsogolo, mawaya akafupika muwonjezere, ndipo mulimange ndi velcro kuti lisaseserekere kumbuyo pomwe mukuponya. Musathamangire kuika chitsulo kumphuno batire lisanafike pamene lingafike, chifukwa chitsulo ndi katundu wosagwira ntchito ina iliyonse.

Pali chinthu chimene chimatipusitsa tikamatengera ndege zankhondo. F-16, imene inauluka koyamba mu 1974, ndi F-22 yanuyo, imene inauluka koyamba mu 1997, anazipanga dala kuti zikhale zosakhazikika mumlengalenga kuti zizitembenuka msanga. Chimene chimazigwira ndi kompyuta, imene imagwedeza zowongolera kambirimbiri pa sekondi iliyonse woyendetsa asakudziwa n'komwe. Yanu ilibe kompyuta yoteroyo, ili ndi zala zanu ndi maso anu muli pansi. N'chifukwa chake CG ya kandege kathu iyenera kukhala kutsogolo ndithu. Ikapitirira pang'ono kutsogolo ndege imalemera pokweza mphuno ndipo imatera mothamanga, koma mumabwerera nayo yathunthu n'kukonza. Ikapitirira kumbuyo simupeza mpata wokonza chilichonse.

Chachiwiri ndi kulemera kwa ndege yonse. Iikeni pa sikelo, muyerekeze ndi kulemera kumene wojambula pulani analemba. Ndege ikalemera kawiri, liwiro limene imafunika kuti mapiko aigwire limakwera ndi pafupifupi 40 peresenti, pamene dzanja loiponya ndi lomwelo. Ndiye imachoka m'manja isanafike pa liwiro louluka nalo, inu poona ikutsika mumakoka ndodo ya pa rimoti, mphuno imadzuka, mpweya umasiya kutsata phiko, phiko limodzi limayamba kufooka linzake lisanatero, basi yagudubuka. Muone kuti izi zikufanana ndi zimene mwafotokoza, ndiye mwina mavuto onse awiri ali pa ndege imodzi.

Kulemerako nthawi zambiri kumachokera ku guluu ndi penti. Guluu wotentha uja amaoneka wopepuka ali m'kamfuti kake, koma ndodo zingapo zikathera pa ndege imodzi sikelo imakuuzani. Kamzere kopyapyala n'kokwanira, ndipo asanaume mumupalase ndi kachidutswa ka foam kuti wotsala achoke. Kumchira ndiye samalani kwambiri. Magalamu 10 amene ali masentimita 40 kumbuyo kwa CG amafuna magalamu 20 pa masentimita 20 kutsogolo kuti alingane, ndiye guluu wongowonjezera kuti "zilimbe" mwamulipira katatu. Penti nayo ili ndi zake. Ya sipuleyi yambiri ndiponso superglue wamba zimadya foam ikakhala poyera m'mphepete, pamene penti yamadzi ikachuluka imanyowetsa pepala n'kupinda phiko. Yesani kaye pa chidutswa chotsala. Ndipo mphamvu ya foam board ili mu pepala la mbali ziwirilo, foam ya mamilimita 5 yapakatiyo payokha ndi yofooka. Mame a m'mawa akalowa m'mphepete pepala limamatuka, choncho m'mphepete mwa mapiko ndi pansi pa mimba mudutsitse tepi.

Za mtundu ndinenepo pang'ono, ngakhale simunafunse. Imvi ija ndi yokongola patebulo, koma kumwamba kukakhala mitambo simudziwa ngati ndege ikubwera, ikupita kapena yagada. Ikani mizere ya tepi yowala pamwamba pa mapiko, pansi pakhale mtundu wina.

Tsopano EDF yeniyeniyo. Ndi kachipupiza kakang'ono kotsekeredwa mu paipi, kamene kamakankha mpweya wochepa pa liwiro lalikulu. Pulopela imakankha mpweya wambiri pa liwiro locheperapo, n'chifukwa chake imakoka mwamphamvu ndege ikadali m'manja, pamene EDF imayamba kusangalatsa ndege itathamanga kale. Poponya ndi dzanja, masekondi oyambawo ndi amene EDF ili yofooka kwambiri. Komanso imafuna kupuma. Makomo olowera mpweya a F-22 mukawachepetsa molingana ndi ndege yeniyeni amakhala aang'ono, EDF imalira kwambiri koma osakoka, ngati munthu wothamanga ali ndi chimfine. Malo onse olowera mpweya asachepere malo amene masamba a EDF amasesa, kutanthauza bwalo lonse kuchotsapo pakati pamene pali mota. Ambiri amaboola bowo lina pansi pa mimba, kutsogolo kwa EDF, ndipo kusintha kwake mumakumva m'dzanja mukaigwira n'kutsegula mphamvu. Mkati mwa njira ya mpweya musakhale mawaya olendewera kapena guluu wotumphuka. Paipi yotulukira izicheperako pang'ono kumapeto, pafupifupi 80 mpaka 90 peresenti ya malo omwe aja. Mukaifinya kuposa pamenepo mumapeza liwiro koma mumataya mphamvu yonyamukira. Konzani izi kaye musanaganize za batire la 4S, la maselo anayi, ndipo mukafika poganiza, werengani ngati mota ndi ESC zanu zinalembedwa kuti zingapirire.

EDF imadyanso batire. Tingoyerekeza kuti ikukoka 40A. Batire la 2200mAh litha m'mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo popeza sitilimaliza lonse, mwatsala ndi mphindi zosakwana zitatu. Munthu amene akuphunzira kuulutsa sangaphunzire zambiri m'mphindi zimenezo, mtima uli m'mwamba, ndege ikuthamanga.

N'chifukwa chake langizo langa lenileni n'lakuti F-22 yokongolayo muikonze n'kuiika pambali, mupange ina yosavuta yophunzirira, ya pulopela yozungulira mu mpata woboola pakati pa thupi. Ikakhala m'mwamba pulopela siioneka, ndi jeti basi, kungoti phokoso lake n'lalikulu. Mota ya 2212 ya 2200KV, pulopela ya 6x4, ESC ya 30A, ma servo awiri a magalamu 9 ndi batire la 3S la 1300mAh kapena 1500mAh zimakwana. A Flite Test a ku Ohio, amene anatchukitsa kupanga ndege ndi foam board pa YouTube, ali ndi ina yotere yotchedwa FT-22. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti mphepo ya pulopela imaomba mwachindunji pa zowongolera za kumchira, ndiye ndege imamvera ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono. Phiko lathyathyathya limauluka ndithu. Mukafuna lolimbirapo, matani foam ina pamwamba kuyambira kutsogolo kwa phiko kukafika chapakati, pakhale sitepe. Kapangidwe ka sitepe kameneka kanachokera kwa Richard Kline ndi Floyd Fogleman, n'chifukwa chake mumaona zilembo za KF pa mapulani. Ndodo ya carbon yopingasa mapiko onse awiri musaisiye, apo ayi phiko lidzapindika tsiku limene mudzakoke mwamphamvu mukutsika.

Kaya ndi iti imene muulutse, yang'anani izi muli patebulo, pulopela mutaichotsa. Mota zimenezi zimadula chala, si nthabwala. Yatsani rimoti poyamba, batire la ndege pambuyo. Imani kumbuyo kwa ndege. Mukakokera ndodo kwa inu, ma elevon onse awiri, zowongolera za kumchira zija, akwere. Mukaipititsa kumanja, ya kumanja ikwere, ya kumanzere itsike. Ndikunena izi chifukwa kupendekera kumene mwatchulako kumabweranso ngati mbali zasinthana: ndege ikapendekera kumanzere, inu mumakonza, koma kukonzako kumangoimalizitsa. Onaninso kuti ndodo zikakhala pakati ma elevon ali mulingo umodzi ndipo mawaya owakankha sakupindika mukawakaniza ndi chala. Chepetsani mmene amayendera, muike expo ya 30 pa rimoti kuti ndege isamamvere mwaukali ndodo ikakhala chapakati. Mota ikamazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu aja. Pulopela poibwezera, mbali yolembedwa manambala iyang'ane kumene ndege ikupita, ngakhale mota ili kumbuyo. Ambiri amaitembenuza, ndege n'kumalira koma osakoka. Pomaliza zimitsani rimoti mota ikuzungulira pang'ono, muone ngati ikuima yokha. Ngati siikuima, failsafe, chitetezo choimitsa mota rimoti ikazima, sinakonzedwe, musapite nayo kubwalo.

Kubwaloko pezani mnzanu woponya kuti manja anu onse akhale pa rimoti. Ayang'anizane ndi mphepo, mphamvu ikhale pafupifupi magawo atatu mwa anayi ngati ndi ya pulopela, yonse ngati ndi EDF, ndipo aiponye mwamphamvu ili chigonere, mapiko olingana, dzanja kutali ndi pulopela. Asaiponyere kumwamba ngati mkondo. Ikachoka m'manja imatsika pang'ono, ndipo pamenepo m'pamene mtima umakuuzani kuti kokani. Musakoke. Isiyeni itole liwiro, muzingolinganiza mapiko, kenako mukweze pang'onopang'ono. Malo a udzu wautali amakhululuka zambiri pa maulendo oyamba. Pokhota, ipendeketseni kaye ndiye mukoke pang'ono, mukatero mubweze mapiko. Ikamabwera kwa inu kumanja ndi kumanzere zimaoneka zosinthana, ndipo zimenezi ndi bwino zala zizizolowere pa kompyuta. Pulogalamu yophunzirira kuulutsa ya PicaSim ndi yaulere, ndipo kugwa kwa mmenemo sikudya foam. Potera bwerani moyang'anizana ndi mphepo, muzimitse mota isanakhudze pansi, mphuno itakwera pang'ono kuti mimba ndi imene iyambe kukhudza udzu.

Popeza yanu yagwapo kale, litulutseni batirelo muliyang'anitsitse. LiPo (mtundu wa mabatire amenewa) yotupa, yophwanyika pakona kapena yonunkha mwachilendo musaitchajenso, imayaka moto wovuta kuzimitsa. Yabwinobwino imadzaza pa 4.2V selo iliyonse, muzitera ikamafika cha pa 3.5V, ndipo ngati mukhala masiku osaulutsa muisunge pa 3.8V. Tchajani ndi chaja ya balance, yolinganiza maselo onse, pamalo osayaka, inu muli pomwepo. Ulutsirani kutali ndi anthu, misewu, mawaya a magetsi ndi mabwalo a ndege. Mayiko ambiri anaika malire a mamita 120 kupita m'mwamba, ndipo ena amafuna kulembetsa ndege ikafika magalamu 250, ndiye fufuzani za kumene muli.

Mphuno yophwanyikayo musaikonze poithira guluu wambiri. Iduleni mowongoka, mudule ina pa pulani yomweyo n'kulumikiza. Mukatha ikani pano chithunzi ndege ili pa zala ziwiri batire lili mkati, china cha makomo a mpweya, ndi nambala imene sikelo yaonetsa, tione ngati bowo la pansi pa mimba likufunika.