Kugwedeza mutu si kumva

Kalata yako ndaiona, mng'ono wanga. Ukuti uli chaka chachiwiri cha unamwino ndi uzamba kuno ku Mzuzu, ndipo phunziro la kalankhulidwe ndi odwala ukuliona lotayitsa nthawi, bola maola amenewo mukanaphunzira kubaya jakisoni. Mawu akowa andikumbutsa kutali.

Inenso ndinkatero. Ndinafika kuno kuchokera ku Dedza, Chitumbuka changa chili "yewo" basi. Tsiku lina ndili pa pulakitiko ndinapereka mapiritsi kwa agogo ena amene anabwera ndi mdzukulu. Ndinalankhula mothamanga, m'Chichewa, mzere uli mpaka panja: limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo. Agogo anagwedeza mutu. "Yewo, mama." M'mawa mwake anabweranso mwana ali lefu, akusanza. Anali atamumwetsa onse atatu pakamodzi. Mwanayo anachira, koma ndikakumbuka mpaka lero thupi limandizizira. Agogo aja sanalakwe. Ankandilemekeza, poti kwathu kuno munthu wa yunifolomu safunsidwa kawiri. Wolakwa ndinali ine.

Ndipo kuno kumpoto nkhaniyi ndi yaikulu. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Mzimba yense. Wina Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chinkhonde kapena Chilambya, pamene ife m'kalasi zonse timaphunzira m'Chingerezi. Ukamuuza mayi woyembekezera kuti BP yakwera, wamva chiyani? Kodi wadziwa kuti mutu ukamuwawa kwambiri, maso kuchita chidima, nkhope kutupa, athamange ngakhale pakati pa usiku?

Za ku leba ndiye zimandipweteka mtima. Ndinamvapo ndi makutu angawa mzamba akukalipira mtsikana amene akubuula ndi ululu kuti, "Pochita zimenezi tinalipo?" Boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007 kuti amayi azichirira kuchipatala. Nanga abwera bwanji ngati tiwalandira ndi mwano? Mayi wonyozedwa sadandaula kwa wina aliyense, koma mimba yotsatira amabwera mochedwa, zinthu zitavuta kale. Ndikudziwa, anamwino ndi ochepa, mumagwira usiku wonse osakhala pansi. Koma kutopa sindingakuvomere ngati chifukwa. Ndakana ndithu. Jakisoni uja manja adzazolowera okha pakatha mwezi. Pakamwa ndiye pamafuna kuphunzitsa dala.

Ndiye uchite chiyani?

Usajombe ku phunzirolo, makamaka tsiku loyeserera, wina kukhala wodwala wina namwino. Gula kakope, tsiku lililonse uzilembamo mawu asanu a Chitumbuka kuchokera kwa anzako a ku Ekwendeni kapena magadiyani a pa wodi. Yamba ndi "monire" ndi "phepani". Pereka moni, tchula dzina lako, pempha kaye usanagwire thupi la munthu. Ukamaliza kufotokoza mankhwala usafunse kuti "mwamva?" Nena kuti, "Agogo, tandiuzani, mukafika kunyumba mumumwetsa bwanji?" Kenako dikira ayankhe.