Kwa aphunzitsi a ku Ulongwe: ana ongokopera texto

Aphunzitsi, mwafunsa chifukwa chake ana anu a 10ª classe amawerenga Chipwitikizi mosadodoma, koma pa mafunso a interpretação (omasulira tanthauzo la zimene awerenga) amangokopera chiganizo cha mu texto, nkhani imene apatsidwa kuwerenga. Yambani mwaunika mafunsowo. Funso ngati "ndani anapita kumsika?" mwana amaliyankha ndi chala, osamva kanthu.

Sankhani nkhani yaifupi, mizere 12 mpaka 15, muilembe pabolodi ngati mabuku ndi ochepa, mzere uliwonse ndi nambala yake. Awerenge chamumtima mphindi 5, afulatire bolodi, aliyense auze mnzake m'Chichewa zimene wamva. Apa Chichewa musachiletse. Mwana amene walephera kufotokoza m'chinenero cha kwawo ndiye kuti nkhaniyo sanaimve, ndipo mumuzindikira pomwepo.

Kawirikawiri chimene chimawagwetsa ndi timawu tolumikiza: mas, porém, embora, portanto, apesar de. Mwana akadumpha embora ("ngakhale"), ganizo lonse limatembenuka. Azitilemba mzere kunsi, anene ngati kakutsutsa, kakupereka chifukwa kapena kakumanga mfundo.

Kenako funsani zimene yankho lake silinalembedwe poyera. Wolembayu akufuna tikhulupirire chiyani? Chimene anaona ndi maso n'chiti, maganizo ake ndi ati? Ndani sanapatsidwe mpata wolankhula? Yankho lililonse libwere ndi nambala ya mzere. Wakuti "ndikungoganiza choncho" mumubweze ku texto mwaulemu, chifukwa mukamuseketsa anzake sadzakwezanso dzanja.

Nkhani zake zikhale zapafupi. Tengani zolemba ziwiri zokamba za mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Moatize, china cha mawu a kampani ya migodiyo, china cha mawu a alimi, ana afananitse mawu amene aliyense wasankha. Uthenga wa pa WhatsApp wotsatsa mankhwala "ochiza matenda onse" nawonso ndi wabwino: wachokera kwa yani, tsiku lake lili pati, apindula ndani?

Kumasulira anawa amakudziwa kale. Mukati "walira mvula walira matope", palibe amene amaganiza kuti mukukamba za nyengo. Ayambe ndi mwambi wotere, kenako afufuze chobisika chotero mu texto.

Kalasi ikakhala ya ana 70, agaweni anayianayi, koma aliyense alembe yekha mizere itatu ya Chipwitikizi musanawasonkhanitse, apo ayi wochenjera mmodzi ndiye aziganizira gulu lonse. M'mphindi 45 nkhani imodzi ndi mafunso atatu n'zokwanira. Pochonga, perekani mamalikisi a ganizo ndi umboni padera, a galamala padera.