Fullmetal Alchemist: ya 2003 kapena Brotherhood?

Mwandilembera pa imelo kufunsa kuti pa anime (makatuni a ku Japan) ziwiri za Fullmetal Alchemist muyambe ndi iti, ndiponso ngati nzoona kuti munthu angathe kuonera ya 2003 mpaka gawo 25 kenako n'kulumphira ku Brotherhood. Ganizo lolumphali lafala kwambiri pa intaneti, ndipo limandiwawa.

Tiyambe ndi gwero la chisokonezochi. Hiromu Arakawa anayamba kujambula manga imeneyi (nkhani ya zithunzi ya ku Japan) mu 2001 m'magazini ya Monthly Shōnen Gangan, yomwe imatuluka kamodzi pa mwezi. Mutu umodzi pa mwezi basi. Situdiyo ya Bones itayamba kuulutsa anime mu Okutobala 2003, inkafuna gawo latsopano sabata iliyonse, pamene manga inali isanafike n'komwe pa theka. Anime ikathamanga chonchi n'kuipeza manga, opanga amatha kuima kudikira, kapena kuthira nkhani zongodzazira nthawi zomwe amazitcha filler, monga zinachitikira kumapeto kwa Naruto yoyamba ya magawo 220 ija. Bones inasankha njira ina: kulemba yokha theka lachiwiri ndi mathero ake. Zinatuluka ndi magawo 51 ndi kanema wa 2005, Conqueror of Shamballa, wotsekera nkhaniyo.

Brotherhood inabwera mu 2009, ili ndi magawo 64, ndipo inatha mu 2010 pafupifupi nthawi imodzi ndi manga, yomwe ili ndi mitu 108 m'mabuku 27. Iyi ndiyo imatsata zimene Arakawa analemba.

Ndiye amene amati ya 2003 ndi "yakale yolakwika" sanaionere bwino. Ndi nkhani ina yogwiritsa ntchito anthu omwewo. M'menemo ma homunculus, anthu ochita kupangidwa, amabadwa munthu akalephera kuukitsa wakufa, ndipo mdani wamkulu ndi Dante. Mu manga ndi Brotherhood onse amachokera kwa mdani wamkulu wotchedwa Father, Dante kulibeko. Homunculus wotchedwa Sloth wa uku si Sloth wa uko. Ling Yao, May Chang ndi Olivier Armstrong simuwapeza mu ya 2003. Kusiyanaku kumayamba kale gawo 25 lisanafike, choncho wolumpha amanyamula mfundo za nkhani imodzi n'kukaziika mu inzake, kenako nkumadabwa kuti bwanji zinthu sizikugwirizana. Kuphika nsima theka ufa woyera theka mgaiwa zimatheka, koma izi ayi. Ngakhale abale awiri a Tringham a m'magawo 11 ndi 12 sanachokere mu manga, anatengedwa mu light novel (buku la nthano lalifupi) ya Makoto Inoue, The Land of Sand.

Komabe olimbikitsa kulumpha ali ndi podandaula penipeni. Magawo oyambirira a Brotherhood amathamanga, ngati kuti opanga ankaganiza kuti aliyense anaonera kale yoyamba ija. Nkhani ya Nina ndi bambo ake Shou Tucker imatha m'gawo limodzi, la 4, pomwe mu ya 2003 imatenga magawo 6 ndi 7. Msilikali Maes Hughes simukhala naye nthawi yokwanira. Nkhani ya ku mgodi wa Youswell anangoidutsa, ndiye Yoki, yemwe ankalamulira mgodiwo, akadzatulukira kutsogolo mumangodzifunsa kuti mkulu ameneyu ndi ndani. Vuto lotere si la Bones yokha: anime ya Hunter x Hunter ya 2011 nayo inasiya munthu wotchedwa Kite kuchiyambi, ndipo zinadzaonekera atafika pa chigawo cha nkhaniyo chotchedwa Chimera Ant.

Chochita

Werengani buku loyamba la manga, mitu 1 mpaka 4, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Youswell ali m'mutu 3, zigawenga za m'sitima m'mutu 4. Kenako onerani Brotherhood yonse kuyambira gawo 1, lomwe nkhani yake mulibe mu manga, musadabwe nalo. Ndi maola pafupifupi 25. Ya 2003 mudzaionere payokha pakapita miyezi ingapo, n'kumalizira ndi Shamballa.