Kwa achimwene a ku Salima amene mawu akuchedwa m'mahedifoni

Achimwene, mwafunsa zitatu: laputopu yoti mugule, maiki yoyenera kwaya, komanso chifukwa chimene woimba akumadzimva mochedwa m'mahedifoni mukamajambula. Za maiki ayankhe ena. Ine nditenga chachitatucho, poti chinandichititsa manyazi pagulu. Ndipo anzathu amene alemba pamwambapa kuti "gulani laputopu ya Core i7 basi zitheka", ndikuona ngati amangopanga mabiti okhaokha usiku, sanajambulepo munthu wamoyo.

Inali October, kachipinda kanga ka pa Kamuzu Road kali ng'anjo. Kunabwera kwaya ya cha ku Chipoka, atasonkherana ya minibasi, ine ndili ndi kasaundikhadi kopanda dzina kamene ndinatola motchipa ku Lilongwe. Wotsogolera nyimbo anali mayi wachikulire, mawu ake odzaza tchalitchi popanda sipika. Atangoyamba mzere woyamba anaima, n'kuvula mbali imodzi ya hedifoni. "Mwanawe, muli wina akundiyankhira m'katimu." Tinayesanso, iwo n'kumadikira mawu awo omwe, kuimba kukukokeka, biti ikuwasiya. Ndinatsitsa buffer (kachidebe kamene kompyuta imatungira mawu) mpaka 64, kompyuta n'kuyamba kuthetheka ngati mbuliwuli paphale. Tinamaliza kutada, mayiwo akuimba khutu limodzi lili pamtunda, ndipo kwaya ija sinabwerenso.

Vuto lake nali. Kompyuta sitenga mawu dontho limodzilimodzi, imadikira chidebe chidzaze kaye ngati pamjigo, kenako n'kunyamula. Chidebe chimenecho ndiye buffer. Mukamajambula pa 44,100 Hz, kutanthauza madontho a mawu 44,100 pa sekondi, buffer ya madontho 512 imadzaza pa mamilisekondi 11.6. Kumeneko n'kulowa kokha. Potuluka kupita kumahedifoni n'chimodzimodzi, onjezani kamene kamatayika posandutsa mawu kukhala manambala ndi kuwabwezanso, mwafika cha m'ma 25 kapena kupyola. Pa 128 ndi 2.9 mbali imodzi, zonse pamodzi zimatha kukhala pansi pa 10 ngati draiva, kapulogalamu koyendetsa saundikhadi, ndi yabwino. Koma chidebe chikachepa maulendo amachuluka, purosesa n'kutopa, ndiye kuthetheka kuja. Laputopu yamphamvu imangokulolani kuchepetsa chidebecho, kuchedwako sikufika pa ziro.

Wa kiyibodi kapena gitala amatha kupirira, chifukwa mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye mamilisekondi 10 zili ngati waima mamita atatu kuchokera pa sipika. Woimba ndi wina. Iye amadzimva nthawi yomweyo kudzera m'mafupa a m'mutu mwake, ndiye za m'hedifoni zikabwera m'mbuyo, ngakhale pang'ono, amasokonekera.

Ndalama ya laputopuyo sungani, gulani interface, saundikhadi yakunja yolumikizira maiki ku kompyuta, yokhala ndi batani lolembedwa Direct Monitor. Batani limenelo limatenga mawu a maiki n'kuwaponya kumahedifoni asanalowe m'kompyuta, kuchedwa sikumveka n'komwe. Ine ndili pa Focusrite Scarlett 2i2 ndipo sindisuntha. Yaing'ono yake, Solo, kunja inkakhala cha m'ma madola 130 mpaka 150, Behringer UMC202HD cha m'ma 100 kapena kutsika. Ku Lilongwe yembekezerani kuonjezera kwambiri, mitengo yake imathamanga ndi dola, choncho imbani foni kaye musanakwere minibasi ya makilomita 100 pachabe. UMC22 ndi yotchipirapo ndipo batanilo ili nalo, koma ilibe draiva yakeyake ya ASIO (mtundu wa draiva wosachedwetsa mawu), mudzadalira ASIO4ALL, imene imavuta kugawana mawu ndi mapulogalamu ena.

Koma ndikuchenjezeni, Direct Monitor ili ndi malire ake. Woimba amadzimva mawu ouma, opanda reverb (kamkokomo ka m'holo), opanda Auto-Tune (yowongola mawu a woimba), chifukwa zonsezo zimakhala m'kompyuta imene mwailambalala. Achinyamata amasiku ano ukawapatsa zouma amati situdiyo yako ndi ya kumudzi. Chimene ndimachita ine, mawu enieni ndimawasiya pa Direct, ndiye m'pulogalamu ndimatsegula reverb yokha, yoika pa wet 100, mawu oumawo osatulukanso kumeneko. Reverb ikachedwa pang'ono palibe amadandaula, imakhala ngati mukuimbira m'holo. Auto-Tune ilibe njira yachidule imeneyi. Wofuna kudzimva nayo ayenera kudutsa m'kompyuta, ndiye tsitsani buffer pa 128, biti yonse muisandutse WAV imodzi, ndipo chotsani chilichonse chili pa master, njira imene mawu onse amatulukira. Limiter yokhala ndi lookahead kapena EQ ya linear phase imaonjezera kuchedwa kwakekwake, inu n'kumatukwana interface yosalakwa. Nthawi yosakaniza bwezerani buffer pa 512 kapena 1024, pamenepo kuchedwa kulibe kanthu.

Musayatse zonse ziwiri, Direct ndi monitor ya m'pulogalamu, pa mawu ouma omwewo. Woimba amadzimva kawiri, kapena mawu ake amaonda ngati akuyankhulira mupaipi. Anthu ambiri amabweza maiki kwa wogulitsa chifukwa cha kabatani kamodzi kameneka. Pa 2i2, woimba akamadzimva khutu lakumanzere lokha, dinani batani la Direct lifike pa mono.

Mahedifoni a Bluetooth musayerekeze n'komwe. Ambiri paokha amachedwa kupyola mamilisekondi 100, ena mpaka 200, buffer muichite chilichonse. A waya basi, otseka makutu kuti biti isadonthere m'maiki. Ndipo muone m'pulogalamu yanu yojambulirayo, FL Studio kapena Cubase, ngati mwasankhadi draiva ya ASIO. Ikakhala pa ya Windows wamba monga MME kapena DirectSound, mwina vuto lanu lonse lagona pomwepo, simufunika kugula kanthu lero.

Chinanso cha kuno kunyanja, chimene a ku Dedza sangakuuzeni: kutentha. Laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, ndiye buffer imene imayenda bwinobwino mmawa imathetheka masana. Yanga ndimaikweza pa tinjerwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo mawu ndimajambula mamawa kapena dzuwa litapendeka, popeza fani ya m'chipinda iyenera kuzima maiki ikatseguka. Magetsi akazima muli pa batire, Windows imapondanso buleki, pitani ku Power Options musankhe High performance, ngakhale batireyo itha msanga.

Mukapeza interface yogwiritsidwa kale ntchito, nyamulani laputopu, maiki ndi mahedifoni anu kwa wogulitsayo. Dinani batani la 48V, lopereka magetsi ku maiki, muone ngati maiki ikudzuka, yatsani Direct, ombani m'manja pafupi ndi maiki, kenako zunguzani nobu iliyonse mumve ngati ikukanda. Akakana kuti muyese, bwererani ndi ndalama yanu.